Kodi n'chiyani chikudya makorali m'thanki yanga?

"Ndimakhala ku Durban, ndipo ndatha zaka ziwiri ndikusunga thanki ya madzi amchere ya malita 400. Kale ndinkaweta mbuna za m'nyanja ya kwathu ndipo sizinkandivutitsa, koma zimene ndikuona masiku ano zandithetsa nzeru. M'thankimo muli makorali 7 a mtundu wa Acropora, awiri a Montipora, gulu la makorali ofewa otchedwa ma zoanthid ndi korali mmodzi wotchedwa hammer. Nsomba zimene zilimo ndi ma clownfish awiri, tang mmodzi ndi coral beauty amene ndinamuika miyezi 5 yapitayo. Papita masabata 7 chigulireni tizidutswa titatu ta Acropora kwa munthu wina amene ankasiya zoweta makorali. Tsopano ma Acropora anayi ayamba kuyera kuchokera m'munsi, mtundu wawo wazilala, ndipo pa nthambi zina ndikuona timadontho totuwa. Makorali enawo ali bwinobwino. Usiku wina ndinaunika ndi tochi n'kupeza nyongolotsi zaubweya zili pamalo oyerawo, komanso pagalasi pali tinyama tooneka ngati nyenyezi. Mnzanga wina akuti ndichotse coral beauty, wina akuti ndithire mankhwala ophera tinyongolotsi otchedwa Flatworm Exit. Kodi wolakwa ndani, nanga ndichite chiyani ndisanataye zonse?"

Bambo, pepani kwambiri ndi nkhawa imene muli nayo. Korali amene munthu wamulera kuchokera pa kachidutswa kongofanana ndi chala, ukamuona akuyera tsiku ndi tsiku mtima umawawa. Komabe limbani mtima, chifukwa vuto limene mwafotokozali limatha, ndipo mwaliona nthawi ikadalipo: atatu mwa makorali 7 aja sanayambe kuonetsa zizindikiro, ndipo anayi odwalawo akadali ndi nthambi zamoyo zimene zingapulumuke. Chimene ndikukupemphani poyamba n'chakuti musathire mankhwala alionse m'thankimo, musachotse nsomba, ndiponso musaphwasule miyala mpaka mutamuona ndi maso mdani amene mukulimbana naye. Pa zaka zimene ndakhala ndikusamalira mathanki a anthu, ndaona kambirimbiri thanki ikusokonezeka ndi mankhwala othiridwa mongoganizira, chilombo chenichenicho chili pheee pansi pa nthambi, chikupitiriza kudya.

Tisanafunse kuti akudya ndani, titsimikize kaye kuti koraliyo akudyedwadi. Korali ndi nyama ya mnofu wopyapyala umene umakuta chigoba cha laimu, ndipo m'mnofumo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zimene zimamupangira chakudya kuchokera ku kuwala. Choncho kuyera kulipo kwa mitundu iwiri. Korali akavutika ndi kutentha kapena kuwala kopitirira muyezo amatulutsa ndere zija n'kuyera, koma mnofu umakhalapobe, moti mukayang'anitsitsa mumaona timilomo take, timene oweta amatitcha ma polyp, tikugwedezeka ndi madzi. Kuyera kwachiwiri ndi kwa chigoba chimene chasiyidwa pamtetete, chokhakhala, chopanda kamlomo ngakhale kamodzi, ndipo pakapita masiku ochepa chimayamba kugwira ndere zobiriwira kapena zofiirira. Kumeneku ndiye kutha kwa mnofu, koma nakonso sikuti nthawi zonse kumabwera ndi chilombo. Acropora amasenda mnofu kuchokera m'munsi madzi akamasinthasintha, makamaka alkalinity, kutanthauza mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, imene imayezedwa m'ma dKH. Yezani alkalinity tsiku lililonse pa ola limodzimodzi kwa sabata yathunthu n'kumalemba m'kope. Ikakhala pakati pa 7 ndi 9 dKH, osadumphadumpha, ndiye kuti kumeneko kulibe mlandu. Mchere ukhale pa 1.025 kapena 1.026 pa chipangizo choyezera mchere, ndipo madzi azitentha madigiri 25 mpaka 26. Ku Durban m'chilimwe madzi a m'thanki amakwera msanga, ndipo magetsi akamathimathima mapampu amaima, madzi n'kukhala bata kwa maola angapo, zimene Acropora sagwirizana nazo ngakhale pang'ono. Onaninso amene ayandikana nawo. Hammer wanuyo usiku amatambasula manja aatali oluma, ndipo korali aliyense amene ali pafupi amapsa mbali imene yayang'ana kwa iyeyo. Bala lotero limakhala la mbali imodzi, ndipo limasiya kukula mukangowatalikanitsa.

Zonsezi muzione, koma m'kalata yanu muli zinthu zitatu zimene zikundiuza kuti nkhani si madzi ayi. Odwala ndi a mtundu umodzi wokha, pa nthambi pali timadontho, ndipo vutoli layamba patadutsa masabata angapo chilowereni makorali achilendo.

Mfundo ya mtundu umodzi ndi yofunika kwambiri, chifukwa tizilombo tambiri todya makorali ndi tosankha zakudya. Kamene kamadya Montipora kamadutsa pa Acropora osamukhudza, ndipo kamene kamadya ma zoanthid kakhoza kufa ndi njala m'thanki yodzaza ndi makorali ena. Nsomba sizisankha choncho. Coral beauty, monga anzake onse a m'gulu la Centropyge, amadziwikadi kuti nthawi zina amajompha makorali, koma kawirikawiri amayambira pa zofewa ndi zamnofu wambiri, monga ma zoanthid, makorali a milomo ikuluikulu ndi milomo ya nkhono za clam. Akadakhala kuti ndi iyeyo, bwenzi mukudandaula kuti ma zoanthid akukhala otseka tsiku lonse. Nsomba ikajompha Acropora imajompha poonekera, kunsonga ndi pamwamba pa nthambi, masana magetsi a thanki akuyaka, osati m'munsi mobisika mmene mlomo wake sungafike. Ndiponso nsombayo yakhala nanu miyezi 5 popanda vuto. Ngati mukukayikabe, musaime pafupi ndi galasi, chifukwa nsomba ikakuonani imaleka zimene imachita n'kubwera kudzadikira chakudya. Imikani foni patsogolo pa thanki, ijambule kanema kwa ola limodzi inu muli kunja, ndipo mubwereze masiku atatu. Nsomba yojompha siibisa khalidwe lake, imabwerera pa korali yemweyo mobwerezabwereza.

Nyongolotsi zaubweya zija, zimene amazitcha bristleworm, zimanamiziridwa milandu yambiri chifukwa ndizo zimapezeka pamaliro. Zimadya zofa ndi zotsala, choncho mnofu wa korali ukayamba kuwola zimamva fungo n'kubwera usiku, mwini thanki n'kuzipeza pomwepo. Kupezeka pa mtembo sikutanthauza kuti ndizo zapha. Musazigwire ndi manja chifukwa ubweya wake umalasa n'kuyabwa, koma musazisakenso, zikukutsukirani mchenga. Ilipo ina yodyadi makorali, Hermodice carunculata, yonenepa, ya ubweya woyera wa m'magulumagulu ndi tinthu tofiira m'mbali, imene imameza nsonga ya nthambi n'kuisiya yoyera mbee. Imeneyi kwawo ndi ku Atlantic, ku Caribbean ndi ku Mediterranean, ndipo bala lake limakhala kunsonga. Palinso nyongolotsi zazitali za mtundu wa Eunice, zokhala ndi tinyanga tisanu kumutu, zimene zimabisala m'mabowo a miyala. Mu 2009 ogwira ntchito pa Blue Reef Aquarium ku Newquay, m'dziko la England, anachita kuphwasula thanki mwala umodziumodzi atazunguzika ndi makorali odukaduka, ndipo anapezamo ya mtunduwu yotalika kuposa mita imodzi. Koma yotereyi imadula ndi kukoka zidutswa, siisiya timadontho. Tinyenyezi ta pagalasi tija, totchedwa Asterina, tambiri timangodya ndere. Kuti kagwidwe mlandu kayenera kupezeka pa mnofu wamoyo, n'kusiya bala pamalo pomwe kanakhala mukakachotsa.

Usiku muunikebe, chifukwa nkhanu zimatuluka nthawi imeneyo. Dikirani maola awiri magetsi atazima, ndipo gwiritsani ntchito tochi ya kuwala kofiira, kapena kutani tochi wamba ndi pulasitiki wofiira, popeza kuwala koteroko sikuthawitsa msanga zamoyo za usiku. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mwambiwu ndi woona kwenikweni. Khalani pampando mphindi 20, tochi musamayendetse mwachangu. Nkhanu yoipa ndi yaubweya, ya zala zonenepa zakuda kunsonga, ndipo imagwidwa ndi tambula yagalasi yotsamiritsidwa pamwala, ya nyambo pansi pake, chifukwa ikalowa imalephera kukwera. Koma mukaona kankhanu kosalala, kathupi kaphwatalala, kakukhala pakati pa nthambi za Acropora, kasiyeni. Timeneto, ta mtundu wa Tetralia, timakhala mwamtendere ndi korali ndipo timamuchotsera zinyalala.

Tsopano tifike pa amene ndikumuganizira kwambiri. Zizindikiro zanu zonse zikuloza kwa kanyongolotsi kopyapyala kamene oweta makorali amangokatchula kuti AEFW, kutanthauza kanyongolotsi kodya Acropora. Asayansi anakafotokoza koyamba mu 2011 pogwiritsa ntchito timene tinatengedwa m'mathanki, n'kukapatsa dzina loti Amakusaplana acroporae, ndipo kenako kanapezekanso m'nyanja pa chilumba cha Lizard Island ku Great Barrier Reef. Masiku ano dzina lake ndi Prosthiostomum acroporae. N'zochititsa chidwi kuti oweta makorali anakadziwa kale kachilomboka akatswiri a m'nyanja asanakaone kuthengo kwake, ndipo chifukwa chake n'chomwecho chimene inu simunakaonere: kamabisala modabwitsa. Kamangotalika mamilimita ochepa, ngakhale kuti kena kamapitirira sentimita imodzi, n'kopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo kakadya mnofu wa korali, ndere ndi mtundu wa koraliyo zimafalikira m'matumbo ake amene ali ndi nthambi thupi lonse, moti kamafanana ndendende ndi pamene kamamatira. Mukhoza kukayang'ana ndi maso onse awiri osakaona.

Chimene chimaoneka ndi ntchito yake. Pamene kadya pamatsala kadontho kotuwa, kozungulira, kotambalala pafupifupi milimita imodzi, ndipo timadonthoti timakhala tambiri moyandikana, nthawi zina mondondozana, makamaka kunsi kwa nthambi ndi m'kati mwa korali mmene kuwala sikufika kwambiri. Korali amazilala, ma polyp amaleka kutuluka, ndipo mnofu umayamba kubwerera m'mbuyo kuchokera kutsinde. Pa chigoba chimene chavundukukacho ndi pamene timaikira mazira. Masabata 7 amene mwatchula akugwirizananso ndi zimenezi, chifukwa tizidutswa togulidwa tija tikadabwera ndi mazira okha, panafunika nthawi yoti aswe, tiana tikule, tiikirenso, kuti kudya kwake kufike poonekera. Tinyongolotsiti tilibe kuti aka n'kakamuna aka n'kakakazi, kalikonse kakakula kakhoza kuikira, n'chifukwa chake timachuluka mofulumira. Sindikunena kuti amene anakugulitsaniyo anakupusitsani. N'kutheka kuti nayenso sankadziwa chimene chinkafooketsa makorali ake. Kungoti korali wokongola wa m'thanki ya munthu wina ali ngati chikomekome cha nkhuyu, m'kati mukhoza kukhala nyerere.

Njira yotsimikizira ndi yosavuta, ndipo mukhoza kuichita lero lomwe. Tengani beseni loyera limene silinalowepo sopo, muthiremo madzi a m'thanki momwemo. Chotsani Acropora amene wadwala kwambiri, makamaka mmodzi wa achilendo aja, mumuike m'besenimo. Ndi sirinji yaikulu yopanda singano popani madzi mwamphamvu pakati pa nthambi ndi kuzungulira tsinde, mukumutembenuza uku ndi uku. Mudzagwa tizinyalala tambiri, tizilombo tothamanga ndi tizidutswa tabulauni tooneka ngati mnofu wosendeka. Bwezerani korali m'madzi ena, beseni lija mulisiye pamalo owala, ndipo mudikire. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, kena mwa tizidutswa tija, kamene kanali kofunyirira ngati njere ya chitowe, kamayamba kutambasuka, m'mbali mwake n'kumachita timafunde, kenako kamayenda mosalala pansi pa beseni ngati dontho la mafuta. Mnofu wosendeka suyenda. Mukaona kamodzi kokha kotero, nkhani yatha.

Kenako funafunani mazira, ndipo apa muike mtima kwambiri. Mutembenuze koraliyo, muone tsinde, malire a mnofu wamoyo ndi chigoba choyera, mphanda za nthambi, ndi pansi pa kapulasitiki kapena kasimenti kamene koraliyo anamatidwapo. Galasi lokulitsa zinthu limathandiza, ngakhalenso kamera ya foni mukaiyandikitsa. Mazirawo ndi timibulu tabulauni kapena tagolide, tating'ono kuposa mutu wa singano, tothithikana pamodzi ngati mazira a nsikidzi mu msoko wa matiresi, ndipo timamatira zolimba moti madzi a m'sirinji satichotsa. Ndikukumbukira thanki ya pa ofesi ina imene ndinaitanidwa mwini wake atachotsa kale miyala yonse kuti agwire nsomba imene ankaiganizira. Nsombayo inali itapita, makorali ena atathyoka pa chipwirikiticho, koma kuyera kunkapitirirabe. Nditatembenuza kachidutswa kamodzi ndinapeza pansi pa kasimenti kake pali mazira mbwee, magulu angapo, ena ataswa kale. Bambo uja anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana, ndipo ndinamumvera chisoni, chifukwa anavutika sabata yathunthu ndi mtima wofuna kupulumutsa makorali ake.

Mwina m'beseni simudzagwa kanyongolotsi, koma pa nthambi mudzaona timadontho tachikasu tokhala ndi kachizindikiro kofiira, tikuyendayenda. Timeneto ndi ma red bug, Tegastes acroporanus, achibale a nkhanu otalika pafupifupi theka la milimita, amene amakonda ma Acropora a khungu losalala. Amazilalitsa korali ndi kumulepheretsa kukula, koma sasiya timabala tozungulira tija. Mankhwala amene oweta amagwiritsa ntchito ndi milbemycin oxime, amene kwenikweni ndi a nyongolotsi za agalu, ndipo amaphanso nkhanu, ma shrimp ndi tizamoyo tina tothandiza ta m'thanki. Amenewo musawayese nokha popanda dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba.

Mukatsimikiza kuti ndi AEFW, iwalani za Flatworm Exit. Mankhwalawo anapangidwira tinyongolotsi tina tofiirira timene timayala pamchenga ndi pamiyala, osati todya Acropora. Mnzanuyo sanalakwitse mwadala, mayina ndiwo amasokoneza. Njira imene ndimaidalira ndi yotopetsa koma imagwira ntchito. Konzani thanki ina yaing'ono, yopanda mchenga ndi miyala, yokhala ndi pampu, chotenthetsera madzi ndi magetsi okwanira. Samutsirani mmenemo ma Acropora onse 7, ngakhale atatu ooneka athanzi aja, chifukwa tinyongolotsiti timasamuka. Pamiyala ya m'thanki yaikulu pasatsale mnofu wa Acropora ngakhale pang'ono. Pamene korali anayala tsinde lake pamwala, palani kapena matanipo phula la epoxy, chifukwa kamnofu kotsala kongofanana ndi chikhadabo n'kokwanira kusunga mbewu ya tizilomboti mpaka tsiku limene mudzabwezere makorali.

Korali aliyense asanalowe m'thanki yaing'onoyo aviikidwe m'mankhwala otsukira makorali, monga Coral Rx kapena Revive, m'beseni lapadera, pa muyezo ndi mphindi zimene zalembedwa pa botolo. Musaonjezere poganiza kuti afa msanga. Pamene ali m'mankhwalamo muzipopa madzi ndi sirinji kuti tofooka tigwe, kenako mumutsukuluze m'madzi a m'thanki oyera, ndipo madzi a mankhwalawo atayidwe, asabwerere m'thanki ngakhale dontho. Tinkhanu tabwino tija tichotsedwe kaye chifukwa mankhwalawa amatipha. Ma Acropora a khungu losalala ochokera m'madzi akuya, monga Acropora echinata, sapirira mankhwala oviika, choncho amenewo muyambe ndi nthawi yochepa n'kuona mmene achitire.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti mankhwala oviika amagwetsa tinyongolotsi koma sapha mazira. Munthu amaviika kamodzi, amaona tambiri tagwa m'beseni, amasangalala kuti wathana nato, ndiye pakatha mwezi vuto labwereranso. Mazira amafuna manja. Ena amapala ndi mpeni kapena mswachi, koma m'mphanda za nthambi n'zosatheka kuwamaliza onse, ndiye ine ndimasankha kudula. Dulani nthambi zamoyo pamwamba ndithu pa malire a poyera, muzimate ndi guluu pa tisimenti tatsopano, ndipo tsinde lakale limodzi ndi kasimenti kake mutaye kunja. Ndikudziwa kuti kudula korali wamkulu amene mwamulera zaka ziwiri n'kowawa, koma Acropora amaphukanso kuchokera ku nthambi, pamene tsinde lokhala ndi mazira limangobweza matenda. M'madzi ofunda a m'thanki mazira amaswa m'masabata pafupifupi awiri kapena atatu, ndipo tiana timafuna masabata ena angapo kuti tiyambe kuikira. Ndiye mukamaviika kamodzi pa sabata mumagwira tiana tisanafike poikira. Ine ndimachita zimenezi kwa masabata osachepera 8, ndipo sindileka mpaka beseni litatuluka lopanda kanthu maulendo atatu otsatizana. Nthawi yonseyi thanki yaikulu ikhale yopanda Acropora kuti totsalamo tife ndi njala.

Mudzamva ena akunena za nsomba zodya tizilomboti. Zoona zake zilipo. Ofufuza a ku James Cook University ku Australia anayesa nsomba ya six line wrasse, Pseudocheilinus hexataenia, ndi peppermint shrimp wa mtundu wa Lysmata vittata, ndipo anapeza kuti nsombayo imadya tinyongolotsi tatikulu koma mazira siikhudza, pamene shrimp amadya zonse ziwiri. Ndimaziona ngati zothandizira, osati zothetsa vuto, chifukwa m'thanki yodzaza miyala sizingafike paliponse. Six line wrasse akakula amavutitsa nsomba zinzake, ndipo kumugwira n'kovuta. Pa ma shrimp chenjerani ndi camel shrimp, wa linunda pamsana ndi mizere yofiira ndi yoyera yowala, amene nthawi zina amasokonezedwa ndi peppermint shrimp. Dzina la camel shrimp ndi Rhynchocinetes durbanensis, lochokera ku mzinda umene mukukhalawo, ndipo amajompha ma zoanthid ndi makorali ofewa.

Makorali enawo muziwayang'anabe, popeza pamene padutsa mlendo mmodzi pakhoza kudutsanso wina. Montipora ali ndi mdani wake, kankhono kopanda chigoba, koyera, ka timanthu tambiri pamsana, kamene kamadya kuchokera m'mphepete ndi kunsi kwa korali n'kusiya malo oyera okula tsiku ndi tsiku. Ma zoanthid amadyedwa ndi kankhono kena kotero kamene kamatenga mtundu wawo n'kuikira mazira oyera opiringizika ngati kasipuling'i, komanso ndi nkhono ya sundial, ya chigoba chozungulira cha mawanga akuda ndi oyera. Pa zonsezi njira ndi yomweija ya beseni, kuviika ndi kuchotsa mazira.

Pa ma zoanthid ndiyenera kukuchenjezani mwamphamvu, chifukwa apa pali moyo wanu ndi wa banja lanu. Ena mwa iwo, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi poizoni woopsa kwambiri wotchedwa palytoxin, ndipo simungadziwe ndi maso kuti uyu ali naye, uyu alibe. Powagwira valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, musawagwire muli ndi bala m'manja, ndipo mwala umene ali pamenepo musauwiritse, musauthire madzi otentha, musaukweche uli kunja kwa madzi. Mu 2018 ku Oxfordshire anthu 10, kuphatikizapo ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza, anatengeredwa kuchipatala pambuyo poti mwini nyumba wina anakwecha mwala wa m'thanki uli kunja kwa madzi. Mukagwira makoraliwa kenako n'kuyamba kumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kutsokomola, kubanika, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi kapena maso kuwawa, tulutsani aliyense m'nyumba, tsegulani mawindo, ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko mukanene momveka kuti mwagwira korali amene angakhale ndi palytoxin, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine champhamvu.

Pa makoraliwo, pali nthawi zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Korali akayamba kusenda mnofu wonse m'tsiku limodzi kapena awiri, mnofu n'kumauluka ndi madzi, chimenecho si chilombo chodya pang'onopang'ono ayi. Dulani msanga nthambi zimene zikadali zamoyo, chotsani chotsalacho, ndipo mupite ndi madzi anu kusitolo ya za m'nyanja akayezenso ndi zipangizo zawo, chifukwa mankhwala oyezera akakhalitsa amanama. Hammer wanu akatuluka zinthu zabulauni zoterera ngati phala, mutu wodwalawo uchotsedwe tsiku lomwelo usanapatsire ina. Ndipo ngati mwapopa ndi kuviika makorali atatu osapeza kanyongolotsi kapena dzira, madzi ali bwino, kanema wa foni sakuonetsa nsomba yojompha, koma kuyera kukupitirira, funani katswiri abwere adzaone thanki yonse, kapena tumizani madzi akayezedwe mwa njira ya ICP, imene imapeza zitsulo monga mkuwa zochokera ku pampu kapena maginito amene achita dzimbiri. Chilichonse chimene chagwa m'beseni inu osachidziwa, chiikeni m'kabotolo ka madzi amchere, muchijambule chili pambali pa lula kuti kukula kwake kudziwike, ndipo munditumizire chithunzicho limodzi ndi cha bala la koraliyo.

Thanki yaing'ono ija musaigulitse vutoli likatha. Korali aliyense watsopano, kaya wachokera kusitolo kaya kwa mnzanu wapamtima, adulidwe pa kasimenti kake, aviikidwe, ndipo akhale mmenemo masabata 6 mpaka 8 asanalowe m'thanki yaikulu. Coral beauty wanu musiyeni akhale.

Tizidutswa timene mwadula tikayamba kuchira, mudzaona mnofu ukutsika kutsinde n'kuyamba kukwirira guluu, ndipo ma polyp adzayambiranso kutuluka madzulo. Nthawi imeneyo nsonga za nthambi zidzaoneka zoyererako, ndipo popeza mwangochoka pa vuto la kuyera mukhoza kuchita mantha. Muziyang'ane pafupi ndi galasi lokulitsa lija. Nsonga ikakhala yosalala, yonyezimira, ya kamlomo kamodzi pamwamba pake, ndiye kuti korali akumanga chigoba chatsopano ndipo ndere sizinafikemo, moti pakapita masabata angapo mtundu udzatsatira.